Kompyuta ya ENIAC ndi Mbiri ya Ulosi wa Mvula

Ulosi wa zanyengo umene umawerengedwa pa wailesi tsiku ndi tsiku, womwe mlimi wa ku Lisungwi kapena wa kwa Dambe amautchera khutu asanaganize zotulutsa mbewu m'nyumba, suchokera m'kuyang'ana mitambo kokha, koma ndi zotsatira za masamu ochuluka zedi amene amawerengedwa ndi makina m'malo owerengeka pa dziko lapansi, kenaka n'kuunikidwa ndi akatswiri a nthambi ya boma yoona zanyengo ku Blantyre. Nkhani ino ikulondola masamu amenewa kukafika pa makina oyamba amene anawasenza, kompyuta yotchedwa ENIAC, yomwe ili m'gulu la makolo a makompyuta akuluakulu a mtundu wa mainframe, kutanthauza makina amodzi odzaza chipinda chonse, okhala ndi antchito owasamalira usana ndi usiku, amene bungwe lonse limabweretsako ntchito zake mosinthanasinthana. Zambiri mwa izi zinachitikira kutali, ku America ndi ku Ulaya, koma zimafika mpaka m'minda ya m'boma la Neno, ndipo zikusonyeza kuti chimene chikuperewera lero pa ulosi wa kuno si mphamvu ya makina ayi, koma miyeso yochokera pansi pano.

Maganizo akuti nyengo ya mawa ikhoza kuwerengeredwa anabadwa makina asanakhaleko. M'chaka cha 1904, katswiri wa ku Norway, Vilhelm Bjerknes, analemba kuti mpweya wokuta dziko umamvera malamulo omwewo amene madzi oyenda ndi zinthu zotentha zimamvera, choncho ngati munthu atadziwa bwino momwe mpweyawo ulili pa nthawi ino, ndiko kunena kutentha kwake, chinyezi chake, kumene mphepo ikulowera ndi liwiro lake, komanso kulemera kumene mpweyawo ukupsinja nako nthaka, ndiye kuti malamulowo angamuuze momwe udzakhalire pakapita maola angapo. Vuto linali lakuti malamulowa akalembedwa m'masamu amakhala olukanalukana, moti palibe njira yachidule yopezera yankho lake.

Munthu woyamba kuyesa anali Mngelezi, Lewis Fry Richardson, wa mpingo wa Quaker, amene chifukwa cha chikhulupiriro chake anakana kunyamula mfuti pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndipo m'malo mwake ankayendetsa ambulansi ku France. Iye anagawa mapu a pakati pa Ulaya m'timabokosi, anatenga miyeso imene inalembedwa pa 20 Meyi 1910, n'kuyamba kuwerengera pamanja momwe mpweya unayenera kusinthira m'maola 6 okha. Ntchitoyi inamudyera pafupifupi masabata 6, ndipo yankho linatuluka lolakwika kotheratu, chifukwa linati kulemera kwa mpweya kusintha ndi mahekitopasikali 145, pomwe tsikulo sikunasinthe n'komwe mooneka. Hekitopasikali ndi muyeso wa kulemera kwa mpweya, ndipo m'mbali mwa nyanja yamchere mpweya umalemera pafupifupi mahekitopasikali 1,013, kotero kusintha kwa 145 ndi chinthu choti sichichitika. Ngakhale zinali choncho, Richardson anasindikiza ntchito yonseyo m'buku la mu 1922 osabisa kulephera kwake, ndipo kulimba mtima kumeneku ndi koyenera ulemu, chifukwa n'kumene kunapatsa obwera m'mbuyo poyambira. M'buku lomwelo anawerengera kuti pangafunike anthu 64,000 owerengera limodzi m'nyumba imodzi kuti masamu a nyengo ya dziko lonse azingoyenderana ndi nyengoyo, osasiyidwa m'mbuyo. Apa ndi pamene panagona nkhani yonse: ulosi wa mawa umene watha kuwerengedwa mkuja ulibe ntchito, ngakhale utakhala wolondola chotani.

Makina othana ndi vuto la liwiroli anabwera ndi nkhondo yachiwiri, ndipo sanapangidwire mvula. Asilikali a dziko la America ankafuna mabuku a manambala owauza momwe angapendeketsere mzinga kuti chipolopolo chikagwe pamalo ofunika, ndipo njira imodzi yokha ya chipolopolo inkatenga maola oposa 20 kuti munthu aiwerengere ndi kamakina ka patebulo. Amayi ambiri ophunzira masamu analembedwa ntchito imeneyi, koma mizinga yatsopano inkatuluka msanga kuposa mabuku ake. Ndi chifukwa chake mu 1943 asilikali anavomera maganizo a John Mauchly ndi J. Presper Eckert a pa Moore School, sukulu ya zamagetsi ya pa yunivesite ya Pennsylvania mumzinda wa Philadelphia, oti apange makina owerengera ndi magetsi okhaokha, opanda magudumu kapena zitsulo zozungulira. Mauchly mwini wake anali atalakalaka makina otere kalekale chifukwa chofuna kufufuza ngati dzuwa limasintha nyengo, koma ndalama zinapezeka pamene asilikali anaona phindu lawo. Makinawa anamalizidwa kumapeto kwa 1945, nkhondo itatha kale, ndipo anaonetsedwa kwa anthu mu Febuluwale 1946.

Kukula kwa ENIAC n'kovuta kukuyerekeza kwa munthu wozolowera foni ya m'thumba. Inali ndi makabati 40 achitsulo oimikidwa motsatira makoma atatu a chipinda, inkalemera matani pafupifupi 27, ndipo m'kati mwake munali machubu agalasi 17,468, ooneka ngati mababu, a mtundu umene unkapezeka m'mawailesi akale aja ofuna kutenthedwa kaye asanayambe kulankhula. Chubu chilichonse chinkagwira ntchito yotsegula ndi kutseka njira ya magetsi mofulumira kwambiri, ndipo kutsegula ndi kutseka kumeneku ndiko kunali kuwerenga. Makinawa ankadya magetsi okwana makilowati 150, kutanthauza kuti mphamvu zonse za mamegawati 24 zimene siteshoni ya Nkula A inayamba nazo pa mtsinje wa Shire mu 1966, m'malire a Neno ndi Blantyre, zikanangokwanira makina otere 160 basi. Machubu ankapsa pafupipafupi, pafupifupi chimodzi pa masiku awiri alionse, ndipo amisiri anaphunzira kuti kuzimitsa ndi kuyatsa ndiko kumawaononga kwambiri, choncho makinawo ankasiyidwa oyaka nthawi zonse. Pobwezera zonsezi, ENIAC inkaphatikiza manambala ka 5,000 pa sekondi imodzi, ndipo njira ya chipolopolo ija inkatha m'masekondi 30.

Chimene makinawa analibe ndi pokumbukira. M'kati mwake munkakhala manambala 20 okha pa nthawi imodzi, iliyonse ya madijiti 10, ndipo poyamba malangizo a ntchito sankalembedwa monga zilili masiku ano, koma ankapangidwa polumikiza nthambo zochindikala kuchokera pa kabati ina kupita pa ina ndi kutembenuza maswitchi mazanamazana, moti kusintha ntchito kunkatenga masiku. Ntchito imeneyi inapatsidwa kwa amayi asanu ndi mmodzi osankhidwa pakati pa owerengera pamanja aja, omwe ndi Kay McNulty, Betty Jean Jennings, Betty Snyder, Marlyn Wescoff, Fran Bilas ndi Ruth Lichterman. Panalibe buku lowaphunzitsa, choncho anaphunzira makinawo kuchokera pa zojambula za amisiri, kufikira poti ankatha kulondola cholakwika mpaka pa chubu chimene chapsa. Kwa zaka zambiri mayina awo sankatchulidwa m'mbiri ya makinawa, ndipo kumeneku kunali kuwalakwira, chifukwa luso lolemba malangizo a kompyuta, limene achinyamata ambiri m'Malawi muno akulifunafuna lero, linayambira m'manja mwa anthu ochepa, ndipo iwo anali m'gulu limenelo.

Sikoyenera kubisa kuti ntchito yoyamba yeniyeni ya ENIAC, mu Disembala 1945, inali masamu a bomba la haidrojeni a akatswiri a ku Los Alamos. Mu 1947 makinawa anasamutsidwira ku malo a asilikali a Aberdeen m'chigawo cha Maryland, ndipo kumeneko ndi kumene nkhani ya nyengo inawapezera. Katswiri wa masamu John von Neumann, wobadwira ku Hungary, ankafuna vuto lalikulu la sayansi loti lionetse dziko phindu la makompyuta, ndipo mu 1946 anakhazikitsa gulu lofufuza zanyengo ku Princeton, limene kuyambira mu 1948 linkatsogoleredwa ndi Jule Charney. Nzeru ya Charney inali yodziwa chosiya. Iye anazindikira kuti malamulo athunthu a mpweya amafotokoza zinthu zonse pamodzi, kuyambira mafunde ang'onoang'ono othamanga kwambiri mpaka mafunde aakulu oyenda pang'onopang'ono amene amanyamula nyengo kuchoka dera lina kupita lina, ndipo kalakwidwe kakang'ono m'miyeso kamadzutsa mafunde othamangawo n'kumiza yankho lonse, monga zinamuchitikira Richardson. Choncho anasefa masamuwo, n'kutsala ndi lamulo limodzi lokha lofotokoza momwe kuzungulira kwa mpweya kumayendera ndi mphepo pa msinkhu umodzi, pafupifupi makilomita asanu ndi theka m'mwamba, pamene kulemera kwa mpweya kuli mahekitopasikali 500.

Kumayambiriro kwa Malichi 1950, Charney pamodzi ndi Ragnar Fjørtoft wa ku Norway, George Platzman, Joseph Smagorinsky ndi John Freeman anafika ku Aberdeen, ndipo anagwira ntchito masiku 33 usana ndi usiku mosinthana. Anayala ukonde wa mizere pa mapu a North America ndi nyanja zoyandikana nayo, mfundo iliyonse ya ukondewo itatalikirana ndi inzake makilomita 736, ndipo pa mfundo iliyonse anaikapo nambala yochokera m'miyeso ya tsiku losankhidwa. Popeza makinawo sankatha kusunga manambala onsewo, gawo lililonse la masamu likatha, zotsatira zinkaboolodwa pa makhadi a pepala lolimba, pomwe malo a kabowo pa khadi ndiwo ankaimira nambala. Munthu ankanyamula mulu wa makhadiwo m'manja, n'kupita nawo pa makina ena owasanja m'dongosolo latsopano, n'kuwabwezeranso mu ENIAC kuti gawo lotsatira liyambe, ndipo khadi limodzi likasochera kapena chubu chikapsa pakati pa ntchito, maola angapo ankapita pachabe. Makhadi pafupifupi 100,000 anaboolodwa m'masabata amenewo. Pamapeto pake panatuluka maulosi anayi a maola 24, ndipo uliwonse unatenga pafupifupi maola 24 omwewo kuti uwerengedwe, nthawi yambiri ikuthera pa kunyamula ndi kusanja makhadi. Maulosiwo sanali angwiro, wina unaphonya kwambiri, koma anafanana ndi zimene zinachitikadi mokwanira kutsimikiza kuti njirayo ndi yoona. Zotsatirazi zinasindikizidwa m'magazini ya sayansi ya Tellus mu Novembala 1950, ndipo Charney anatumiza kope kwa Richardson, amene anali atakalamba ndipo anamwalira mu 1953.

Masiku amene gulu la Charney linasankha kuyeserapo anali a mu Januwale ndi Febuluwale 1949, ndipo kwa munthu wa m'chigwa cha Shire miyezi imeneyi si yachilendo. Ndiyo miyezi imene mvula inadula m'chigawo cha kummwera kwa Nyasaland, chimanga chinafota chili chaching'ono, ndipo panagwa njala ya 1949 imene inasautsa kwambiri madera a Lunzu ndi Lirangwe, kutsidya kwa Shire kuchokera ku Neno, njala yomwe Megan Vaughan anaifotokoza m'buku lake la mu 1987. Pamene makhadi ankaboolodwa ku Aberdeen mu Malichi 1950, mabanja ambiri kuno anali asanapole, amuna atayenda mitunda italiitali kukasuma chakudya, ena osabwerera. Panalibe aliyense pa dziko lapansi amene akanatha kuwachenjeza miyezi ingapo chilalacho chisanafike, ndipo ukonde wa ENIAC sunafike n'komwe kuno. Komabe njira imene inatsegulidwa mwezi umenewo ndiyo inadzabala machenjezo a chilala amene alipo lero.

Zotsatira zake zinayenda mofulumira. Dziko la Sweden linayamba kulosera ndi kompyuta yake ya BESK mu 1954, ndipo mu Meyi 1955 America inayamba ulosi wa tsiku ndi tsiku pa IBM 701, imodzi mwa ma mainframe oyamba opangidwa ndi kampani, omwe analipo 19 okha. ENIAC inazimitsidwa komaliza pa 2 Okutobala 1955. Mu 1956 Norman Phillips anasonyeza kuti kompyuta ikhoza kutsanzira kayendedwe ka mpweya kwa nthawi yaitali, ndipo pa maziko amenewa Syukuro Manabe ndi Richard Wetherald anawerengera mu 1967 momwe dziko lingatenthere mpweya wa kaboni ukachuluka kawiri, ntchito imene inathandiza kuti Manabe alandire mphoto ya Nobel mu 2021. Motero ngakhale nkhani ya kusintha kwa nyengo, imene alangizi a zaulimi amaikamba m'midzi masiku ano, mizu yake ili m'zipinda zomwezo za makina.

Madera otentha monga Malawi anatsalira m'mbuyo pa zifukwa ziwiri, ndipo zonse zikadalipo pang'ono. Choyamba n'chakuti masamu osefedwa a Charney amagwira bwino ntchito kutali ndi mzere wa pakati pa dziko lapansi, kumene kuzungulira kwa dziko lapansi kumalamulira mphepo ndipo nyengo imayenda m'mafunde otambalala makilomita zikwizikwi. Mvula ya kuno imabadwa mwa njira ina: dzuwa likatentha nthaka, mpweya wachinyezi umakwera, n'kuundana kukhala mitambo ya mabingu yotambalala makilomita ochepa chabe, ndipo kuchuluka kwake kumadalira pamene pali mzere wokumanirana mphepo za kumpoto ndi za kummwera, umene akatswiri amautcha ITCZ, komanso mpweya wonyowa wochokera ku Congo. Ukonde wa maso aakulu sugwira matemba, ndipo bokosi limodzi la ukonde wa ENIAC linali lalikulu kuposa kanayi dziko lonse la Malawi. Lero likulu la ulosi la mayiko a ku Ulaya la ECMWF, limene linakhazikitsidwa mu 1975 ndipo linayamba kulosera mu 1979, limagwiritsa ntchito mabokosi a makilomita pafupifupi 9, komabe mtambo umodzi wa mabingu ukhoza kulowa m'bokosi lotere osaoneka bwino, kotero makina amangoyerekeza zochita zake.

Boma la Neno likuonetsa vutoli poyera, chifukwa m'boma limodzi laling'ono, limene linapatulidwa ku Mwanza mu 2003 ndipo pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu 138,291, muli nyengo ziwiri zosiyana. Kumtunda, m'mapiri a Kirk Range cha kwa Dambe, kumazizira, nkhungu imakuta zitunda, ndipo mbatata ya kachewere ndi tirigu zimachita bwino, pomwe kumunsi, cha ku Lisungwi ndi Zalewa, kumatentha, mvula imachepa, ndipo ng'amba ya pakati pa dzinja imapsereza chimanga chikamamasula. Ulosi umodzi wonena za "madera a kummwera" sungakwanire alimi awiri amenewa nthawi imodzi. Wa kumunsi amafuna kudziwa ngati mvula yoyamba ili chizimalupsa chabe kapena ndi yobzalira, chifukwa kulakwitsa pamenepa ndi kutaya mbewu yogula ndi ndalama zovuta kupeza, pomwe wa kumtunda amada nkhawa ndi mvumbi wa masiku angapo umene umabweretsa chiwawu m'mbatata ndi kudula misewu yotsikira ku msika.

Chifukwa chachiwiri ndi kusowa kwa miyeso, ndipo kulemera kwake kunaoneka bwino m'ntchito ya Edward Lorenz, amene mu 1961, pogwiritsa ntchito kompyuta yaing'ono, anapeza kuti kusiyana kochepetsetsa m'manambala oyambira kumakula mpaka maulosi awiri kusiyaniratu. Tanthauzo lake n'lakuti ulosi wa tsiku ndi tsiku uli ndi malire a pafupifupi masabata awiri, ngakhale makina atakula chotani, ndiponso kuti ubwino wa ulosi umadalira ubwino wa miyeso yoyambira. Ndi chifukwa chake kuyambira mu 1992 malikulu akuluakulu amawerengera ulosi umodzi kambirimbiri, akusintha pang'ono manambala oyambira, ndipo akaona kuti mayankho ambiri akugwirizana amadziwa kuti ulosiwo ndi wodalirika. Womvera akamva kuti pali mwayi waukulu wa mvula yocheperapo kusiyana ndi nthawi zonse asaganize kuti akatswiri akuzemba funso, chifukwa kumeneko ndiko kunena zoona monga momwe sayansi ikudziwira, ndipo kulonjeza zoposa pamenepo kukanakhala kunama.

Ulosi wa dzinja lonse umatheka pa chifukwa china, chakuti nyanja zamchere zimasintha pang'onopang'ono ndipo zimakoka mpweya kwa miyezi. Madzi a pakati ndi kummawa kwa nyanja ya Pacific akatentha mopyola muyeso, chimene chimatchedwa El Niño, mvula imakonda kuchepa kummwera kwa Africa, kuphatikizapo kummwera kwa Malawi. Mark Cane ndi Stephen Zebiak analosera El Niño ndi kompyuta koyamba mu 1986, ndipo chitachitika chilala choopsa cha 1991 ndi 1992, Cane ndi anzake anasonyeza mu 1994 kuti zokolola za chimanga ku Zimbabwe zimatsatira kwambiri kutentha kwa nyanja imeneyo. Kuyambira mu 1997 akatswiri a mayiko a SADC amakumana chaka chilichonse dzinja lisanayambe pa msonkhano wa SARCOF kuti agwirizane za ulosi wa chigawo chonse, kenaka nthambi ya ku Malawi imaugawa molingana ndi maboma. Chilala cha dzinja la 2023 mpaka 2024, chimene chinachititsa kuti mu Malichi 2024 boma lilengeze kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, chinanenedweratu miyezi ingapo chisanafike, ndipo kumeneku ndiko kusiyana kwakukulu ndi 1949.

Chimodzimodzi ndi anamondwe. Likulu la Météo-France pa chilumba cha La Réunion limalondola anamondwe a kummwera chakumadzulo kwa nyanja ya Indian, ndipo namondwe Freddy, amene anakhala masiku 36 kuchokera kufupi ndi Australia, anaonedwa njira yake yonse asanafikenso kumtunda pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023. Machenjezo anaperekedwa, komabe anthu oposa 600 anamwalira m'Malawi muno, ambiri chifukwa cha matope ogumuka m'mapiri a ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu Januwale 2022, namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Zimenezi zikuphunzitsa kuti makina amadziwa bwino kumene namondwe akulowera, koma sadziwa mokwanira kuti ndi phiri liti limene lilandire mvula yochuluka, ndi mtsinje uti umene usefukire usiku, chifukwa kudziwa zimenezo kumafuna mbiri ya miyeso ya pamalo pomwepo.

Kuti liwiro silinso vuto kunaonetsedwa mu 2008, pamene Peter Lynch ndi Owen Lynch a ku Ireland anabwereza masamu a ulosi wa ENIAC pa foni wamba ya Nokia 6300, ndipo ulosi umene unkatenga tsiku lathunthu unatha sekondi imodzi isanakwane. Foni yogulitsidwa pa Zalewa lero ili ndi mphamvu zoposa pamenepo kutalitali. Koma foniyo, ngakhale kompyuta yaikulu ya ECMWF imene tsopano ili ku Bologna, singadziwe kuchuluka kwa mvula imene inagwa dzulo ku Matope kapena ku Ligowe ngati palibe anaiyeza. Bungwe la zanyengo la dziko lonse la WMO lakhala likunena kuti Africa ndiyo ili ndi malo oyezera nyengo ochepa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake. Masetilaiti, amene anayamba ndi TIROS-1 mu 1960, athandiza kwambiri, koma ambiri amayerekeza mvula poona kuzizira kwa nsonga za mitambo, choncho amaphonya mvula yowaza ya mitambo yotsika monga ya chiperoni, ndipo kuti manambala awo akhale oona amayenera kuwongoledwa ndi miyeso ya pansi.

Muyeso wa pansiwo ndi ntchito yooneka yaing'ono. Choyezera mvula ndi chitini chokhala ndi fanulo pamwamba, choimikidwa pabwalo kutali ndi mitengo ndi madenga, ndipo m'mawa uliwonse pa ola lomwelo woyeza amathira madzi amene asonkhana m'kabotolo kolembedwa mizere, amakakweza kuti mzere ulingane ndi diso, n'kulemba m'buku mamilimita amene wapeza, podziwa kuti milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi mbali zonse. Tsiku lopanda mvula nalonso amalemba ziro, chifukwa mpata wosalembedwa sunena kuti kunali ng'amba, umangonena kuti palibe akudziwa. Akatswiri amafuna zaka 30 za manambala otere kuti anene nyengo yokhazikika ya dera, ndipo kuchokera m'buku lotere ndi momwe mumadziwika tsiku limene mvula yobzalira imakonda kuyamba, kutalika kwa ng'amba ya mu Januwale, ndi ngati dzinja likufupikadi monga akuluakulu akudandaulira. Ntchito imeneyi ndi yofanana mtima ndi ya onyamula makhadi a ku Aberdeen, yobwerezabwereza ndi yosatchuka, koma popanda iyo masamu onse amayambira pa kuyerekeza.

Pempho likupita kwa khonsolo ya boma la Neno, mafumu a madera a Chekucheku, Dambe, Mlauli ndi Symon, alangizi a zaulimi ndi aphunzitsi aakulu a m'sukulu, kuti agwirizane ndi nthambi yoona zanyengo pa kuika zoyezera mvula kumtunda ndi kumunsi komwe, kusankha anthu okhulupirika oziwerenga tsiku lililonse, ndi kutumiza manambalawo ku nthambiyo pa nthawi yake. Pamene paikidwa makina oyeza okha oyendera mphamvu ya dzuwa, anthu a m'mudzi awateteze kwa akuba masola ndi mabatire, chifukwa siteshoni imodzi ikafa, dera lonse limasowa pa mapu amene makompyuta amawerengera. Sukulu imene iyambe kulemba mvula dzinja lino, ikapitiriza osadumphitsa, idzapatsa ana a ophunzira ake a lero mbiri ya zaka 30 ya mvula ya kwawo.